Kusankha RAM yogwirizana ndi kompyuta yakale ya pa desiki

Munthu akafuna kuwonjezera RAM (timatabwa timene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito) mu kompyuta yakale, kawirikawiri amakhala ndi nambala imodzi yokha m'mutu, kaya 8GB kaya 16GB, ndipo amagula kathabwa kalikonse kolembedwa nambala imeneyo. Pofika nako, kakana kulowa. Mwina kalowa bwinobwino, koma poyatsa kompyuta fani ikungozungulira, sikirini ili bii. Nthawi zambiri kathabwako kamakhala kabwinobwino, kungoti kafika pamalo posakhala pake. Zimene zimasankha RAM ndi motherboard (thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) zomwe zili kale m'kompyutamo. Ntchito yanu ndi kufufuza zimene ziwirizi zimalola, ndipo nambala ya ma GB muiganizire kumapeto.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi RAM

Tsegulani mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndi masamba a pa intaneti ochuluka monga mwa nthawi zonse. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance. Ngati Memory ikukhala pamwamba, cha m'ma 85 kapena 90 peresenti, RAM ndiyochepadi. Koma ngati Memory ili pa theka pomwe Disk yakakamira pa 100 peresenti, amene akukuchedwetsani ndi hard drive yakale ija, ndipo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive, ingakuthandizeni kuposa RAM iliyonse. Makompyuta ambiri akale amafuna zonse ziwiri, koma ndi bwino kudziwa choyamba nacho.

Onaninso mtundu wa Windows imene muli nayo. Mu Settings, pa System, kenako About, pali mzere wonena ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Ya 32-bit siyidutsa 4GB, ndipo pa 4GB pomwepo imagwiritsa ntchito 3GB ndi pang'ono basi, chifukwa gawo lina la maadiresi limapita ku zipangizo zina. Mukaika 8GB pamenepo theka lidzangokhala, mpaka mutaika Windows ya 64-bit. Amene akadali pa Windows 7 adziwe kuti Home Basic imathera pa 8GB ndipo Home Premium pa 16GB, ngakhale ikhale ya 64-bit.

Pali nkhani ina yoyenera kuiganizira musanawononge ndalama. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wa 8. RAM sisintha zimenezo. Kompyuta ya 2013 ingagwire ntchito bwino ndi 8GB, makamaka pa Linux, koma musaigulire RAM yambiri poganiza kuti ndi njira yopezera Windows 11.

Dziwani dzina lenileni la kompyuta kapena la motherboard

Ngati kompyuta ndi ya kampani monga Dell, HP kapena Lenovo, dzina lake lili kutsogolo kapena pa sitika ya kumbuyo. Lembani lonse, kuphatikizapo kukula kwa bokosilo, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi mabokosi angapo: lalikulu loimirira, lopyapyala, ndi kakang'ono kwambiri. Malo olowetsa RAM, amene amatchedwa ma slot, sachuluka mofanana m'mabokosi amenewa, ndipo tating'ono kwambiri tija timagwiritsa ntchito RAM ya laputopu.

Ngati kompyutayo inachita kulumikizidwa ndi munthu, chofunika ndi dzina la motherboard. Dinani batani la Windows ndi R, mulembe msinfo32, muone mizere ya BaseBoard Manufacturer ndi BaseBoard Product. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa zomwezi pa tsamba la Mainboard, ndipo pa tsamba la SPD imakuuzani za kathabwa kalikonse kamene kali mu slot iliyonse: kukula kwake, wopanga, liwiro ndi nambala yake. A Linux alembe mu Terminal sudo dmidecode -t baseboard, kenako sudo dmidecode -t memory.

Ndi dzina limenelo, pezani buku la malangizo pa webusaiti ya opanga. Mukufuna zinthu zinayi: m'badwo wa RAM, kuchuluka kwa ma slot, RAM yonse imene kompyuta ingalandire, ndi kukula kwa kathabwa kamodzi kamene slot imodzi ingalandire. Chomalizachi ambiri amachidumpha.

Tsegulani bokosi muone ndi maso

Task Manager imaonetsa ma slot amene agwiritsidwa ntchito, monga 1 of 2 kapena 2 of 4, koma nambalayo imachokera ku BIOS, pulogalamu ya mu motherboard imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikayatsidwa, ndipo nthawi zina imanama. Pali ma motherboard amene amanena kuti ali ndi ma slot anayi pomwe awiri okha ndi amene anamatidwapo. Choncho zimitsani kompyuta, chotsani chingwe cha magetsi, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, muwerenge nokha. Tulutsani kathabwa kamodzi ndipo mujambule sitika yake ndi foni, mbali zonse ziwiri za kathabwako zionekenso. Chithunzi chimenechi ndi chimene muziyenda nacho pogula.

M'badwo wa RAM: apa palibe kukambirana

Mibadwo imene mungaipeze ndi DDR2, yomwe inayamba mu 2003, DDR3 ya 2007, DDR4 ya 2014, ndi DDR5 m'makompyuta atsopano. Miyezo yake imakhazikitsidwa ndi bungwe la JEDEC, ndipo m'badwo uliwonse uli ndi magetsi akeake: DDR2 imayendera 1.8V, DDR3 1.5V, DDR4 1.2V, DDR5 1.1V. Palibe m'badwo umene umagwira m'malo mwa unzake, kaya kupita kutsogolo kaya kubwerera m'mbuyo.

Pofuna kuti anthu asalakwitse, opanga anaika kampata m'munsi mwa kathabwa, pakati pa mano agolide aja, ndipo kampatako kali pamalo osiyana pa m'badwo uliwonse. Kuwerenga mano sikuthandiza kwenikweni, chifukwa DDR2 ndi DDR3 onse ali ndi mano 240, pomwe DDR4 ndi DDR5 onse ali ndi 288. Kutalika kwa timatabwa n'kofanananso, pafupifupi masentimita 13. Choncho kathabwa kolakwika kamaoneka ngati kangalowe mutangokankha mwamphamvu pang'ono. Musakankhe. Kampata kakapanda kugwirizana ndi kachitunda ka mu slot, mphamvu zanu zingothyola slot.

Musaganizire m'badwo potengera purosesa yokha. Ma motherboard a LGA775 (dzina la malo okhazikamo purosesa), a nthawi ya mapurosesa a Core 2 Duo, alipo a DDR2 ndipo alipo a DDR3. Ena ochepa ali ndi ma slot a mitundu yonse iwiri, koma simungaigwiritse ntchito nthawi imodzi. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 6, amene anatuluka mu 2015, amatha kuyendera DDR4 kapena DDR3L (DDR3 yoyendera magetsi ocheperako), malinga ndi mmene motherboard inapangidwira. Chitsanzo chabwino ndi makompyuta a Dell a nthawi imodzi: OptiPlex 7040 imafuna DDR4, pomwe 5040 ndi 3040 zimafuna DDR3L. Purosesa ikhoza kukhala yofanana ndendende m'zonse zitatu.

Nanga kusiyana kwa DIMM ndi SO-DIMM? DIMM ndi kathabwa kakatali ka kompyuta ya pa desiki. SO-DIMM ndi kakafupi, pafupifupi masentimita 7, ka laputopu ndi timakompyuta tating'ono, ndiponso ta mtundu umene zonse zili kumbuyo kwa sikirini. Poyang'ana ndi maso simungazisokoneze, koma pa chithunzi cha wogulitsa pa intaneti n'zotheka.

Kuwerenga sitika

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, choncho tichedwepo. Tiyerekeze kuti sitika yanu yalembedwa motere:

4GB 2Rx8 PC3-12800U-11

4GB ndi kukula. PC3 akutanthauza DDR3, monga mmene PC2 ilili DDR2 ndi PC4 DDR4. Nambala ya 12800 ndi ma megabyte amene kathabwa kangadutsitse pa sekondi, ndipo mukaigawa ndi 8 mumapeza pafupifupi liwiro lodziwika lija: 12800 ndi DDR3-1600, 10600 ndi DDR3-1333, 8500 ndi DDR3-1066. Ku DDR2, PC2-6400 ndi DDR2-800 ndipo PC2-5300 ndi DDR2-667. Timatabwa tambiri ta DDR4 tinasiya chizolowezi chimenechi n'kumalemba liwiro mwachindunji, monga PC4-2133P, PC4-2400T, PC4-2666V kapena PC4-3200AA. Nambala ya kumapeto, 11, ndi CL, kutanthauza kudikira kwa kathabwa kasanayankhe.

Chilembo chotsatira nambala yaikulu ija ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri. U ndi RAM wamba ya kompyuta ya pa desiki, ndipo ndi imene mukufuna. S ndi ya laputopu. E ndi ya ECC, yotha kukonza zolakwika zina payokha, yopangidwira ma server ang'onoang'ono ndi ma workstation (makompyuta a ntchito zolemera). R ndi registered, ya ma server, makompyuta a makampani otumikira makompyuta ena ambiri. Pa DDR4 chilembochi chimabwera pambuyo pa kamzere kotsatira, choncho PC4-2400T-U ndi yanu, PC4-2400T-R si yanu.

RAM ya R ili ndi msampha chifukwa imatchipa. Makampani akamataya ma server akale, timatabwa take timadzaza msika, ndipo ndi tikulutikulu, 8GB, 16GB. Kampata kake kali pamalo omwewo ngati ka RAM wamba ya m'badwo umenewo, ndiye kamalowa mu slot popanda vuto. Koma kompyuta wamba siyaka nako. Kathabwa ka registered kali ndi chip (kachipangizo kakuda komatidwa pa kathabwa) yowonjezera pakati, imene malamulo ochokera ku purosesa amayamba adutsamo, ndipo mapurosesa a Core i3, i5, i7 wamba sadziwa kulankhula nayo. Mukaona kathabwa kamodzi ka DDR3 ka 16GB pa mtengo wokoma, kaikirani kaye, chifukwa pafupifupi tonse totere ndi ta server. Ta DDR3 wamba ta 16GB tilipo koma n'tosowa, ndipo makompyuta ambiri a Intel a nthawi ya DDR3 amathera pa 8GB pa kathabwa.

Ya E ndi yapakatikati. Ma motherboard ena amayaka nayo n'kungonyalanyaza ECC, ena amakana. Popanda buku la malangizo kuvomereza, isiyeni. Ngati sitika yafufutika, werengani ma chip akuda aja: RAM wamba imakhala ndi 4, 8 kapena 16, pomwe ya ECC imakhala ndi 9 kapena 18. Ma workstation monga Dell Precision kapena HP Z ali ndi malamulo awoawo, ena amafunadi registered, choncho amene muli ndi zotere tsatirani buku lake mosaphonya.

Chilembo china ndi L. PC3L ndi DDR3L, yoyendera 1.35V. DDR3L inapangidwa kuti izithanso kuyendera 1.5V, motero imagwira m'makompyuta ambiri a DDR3 wamba. Mbali inayo ndi yovuta: kompyuta yofuna DDR3L, monga OptiPlex 3040 ija, singadalirike ndi kathabwa ka 1.5V. Ine ndikamakayika pa kompyuta ya DDR3 ya kuyambira 2011, ndimasankha PC3L, chifukwa imalowa kuwiri konse.

Malire a kompyuta, ndi nkhani ya kukula kwa ma chip

Kale, gawo loyendetsa RAM linkakhala pa motherboard, mu chipset, ma chip olumikiza purosesa ndi zipangizo zina. AMD inalisamutsira mu purosesa ndi Athlon 64 mu 2003, ndipo Intel inatero mu 2008 ndi Core i7 yoyamba. N'chifukwa chake pa makompyuta a Core 2 Duo malire mumawafunsa kwa chipset, monga G31 imene imathera pa 4GB, pomwe pa atsopanoko mumayang'ana purosesa ndi motherboard zonse ziwiri, n'kutenga malire aang'onowo. Core i5-4570 imalola 32GB. Koma mu OptiPlex 3020 muli ma slot awiri okha, aliyense 8GB, choncho mapeto ake ndi 16GB. Ma motherboard ambiri a chipset ya H61 ndi H81 ali chimodzimodzi.

Tsopano chimene chimadabwitsa ngakhale anthu ozolowera. Timatabwa tiwiri tikhoza kukhala ta 4GB, ta DDR3, ta U, ta liwiro lofanana, kamodzi n'kugwira, kena n'kukana. Kusiyana kuli pa ma chip. Mu byte muli ma bit 8, choncho 4GB ndi ma gigabit 32. Kathabwa kokhala ndi ma chip 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse, ndiye kuti chip iliyonse ndi ya ma gigabit 2. Kokhala ndi ma chip 8 okha, chip iliyonse ndi ya ma gigabit 4. Kompyuta imene inapangidwa ma chip a ma gigabit 4 asanafale siwazindikira. Imatha kusayaka, kulira mobwerezabwereza, kapena kuona theka lokha la RAM.

Apa ndi pamene 2Rx8 ija imagwira ntchito. 1R kapena 2R ndi ma rank, magulu a ma chip amene amayankha pamodzi, ndipo x8 ndi m'lifupi mwa chip iliyonse. 1Rx8 ndi ma chip 8, 2Rx8 ndi ma chip 16. Kwa makompyuta a DDR3 oyambirira, a chipset ngati G41, ndi a Core i3, i5, i7 a m'badwo woyamba pa LGA1156, kathabwa ka 4GB kakhale 2Rx8. Timatabwa tambiri ta 4GB topangidwa m'zaka za pambuyo pake ndi 1Rx8, chifukwa n'totchipa kupanga, choncho kathabwa "katsopano" kangakhale kolakwika kuposa kakale kogwiritsidwapo kale ntchito. Kuyambira m'badwo wachiwiri wa Core, wa 2011, vutoli limachepa kwambiri.

Muonanso timatabwa ta DDR2 ndi DDR3 totchipa tolembedwa kuti ndi ta AMD yokha. Zimenezo n'zoona, musaziyese zokometsera malonda. Timapangidwa ndi ma chip a x4, amene mapurosesa ena a AMD amawalandira koma a Intel wamba ayi. Pa DDR2 msampha umenewu umapezeka kwambiri pa timatabwa ta 4GB, popeza wamba ta kukula kumeneko n'tosowa. Lamulo losavuta ndi lakuti pa kompyuta ya Intel, chilichonse cha x4 muchisiye.

Nkhani yomweyi yabwereranso pa DDR4. Kathabwa ka 16GB ka 1Rx8 kali ndi ma chip a ma gigabit 16, ndipo makompyuta ena oyambirira a DDR4 samayaka nako, kapena amafuna BIOS yatsopano. Pa kompyuta ya 2015 kapena 2016, 16GB ya 2Rx8 ndi yotetezeka.

Ma motherboard ogulidwa paokha, monga a ASUS, Gigabyte, MSI ndi ASRock, amakhala ndi mndandanda wotchedwa QVL wa timatabwa timene opanga anatiyesa. Ndi wothandiza kuona kukula ndi ma rank amene anagwira, koma musaumirire kupeza nambala yomweyo. Mndandanda wa motherboard ya zaka khumi unasiya kalekale kuwonjezeredwa.

Liwiro lisakuvutitseni

Kathabwa kalikonse kali ndi kachip kakang'ono ka SPD kamene kamauza BIOS maliwiro amene kangathe. Kathabwa kothamanga kakalowa mu kompyuta yochedwa, kamatsika. DDR3-1600 mu kompyuta ya Core i5-2400 imayenda pa 1333, ndipo palibe chowonongeka. Mukasakaniza, tonse timayenda pa liwiro la kochedwetsetsa. Choncho gulani liwiro lofanana ndi limene lilimo kapena lokwererapo, ndipo musalipire zambiri chifukwa cha liwiro limene kompyuta singafikepo.

Chenjerani pang'ono ndi RAM ya ochita masewera, ija yovala zitsulo zamitundumitundu. Liwiro lolembedwa pa bokosi lake nthawi zambiri limafuna kuti muyatse XMP, njira yokwezera liwiro la RAM, mu BIOS, ndipo makompyuta a mu ofesi a Dell, HP ndi Lenovo ambiri alibe XMP. Popanda iyo, kathabwa ka DDR4-3200 kotere kamabwerera ku 2133 kapena 2400. Zitsulozo zimatalikitsanso kathabwa, moti m'bokosi lopyapyala kakhoza kugunda malo a hard drive kapena fani ya purosesa. Kathabwa kobiriwira kopanda chovala, ka Samsung, SK hynix, Micron kapena Kingston, ndi koyenera kompyuta yotere.

Ndipo musadabwe CPU-Z ikaonetsa 800 MHz pomwe munagula 1600. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi, ndiye nambala yoonetsedwayo muichulukitse kawiri.

Kamodzi kapena tiwiri, kuwonjezera kapena kusintha

Makompyuta ambiri a pa desiki ali ndi njira ziwiri zopita ku RAM, zimene amazitcha dual channel. Timatabwa tiwiri tofanana, kamodzi pa njira iliyonse, timadutsitsa zambiri kuposa kamodzi kokha. Pa kulemba makalata kusiyanako n'kochepa, koma ngati zithunzi zimayendetsedwa ndi purosesa yomweyo, popanda khadi la zithunzi lapadera, kumaoneka. Choncho tiwiri ta 4GB timaposa kamodzi ka 8GB pa liwiro. Komabe ngati ma slot ndi awiri okha ndipo mukuganiza zodzafika 16GB, kamodzi ka 8GB kamakusiyirani malo.

Kusakaniza kukula, monga 4GB ndi 8GB, kumagwira pa makompyuta ambiri. Intel ili ndi njira yotchedwa Flex Mode, imene gawo lofanana limayenda pa njira ziwiri, lotsalalo pa imodzi. RAM yokwanira yosafanana iposa yochepa yofanana. Kusakaniza opanga nakonso kumatheka nthawi zambiri, bola m'badwo, chilembo cha U ndi magetsi zigwirizane. Koma chinthu chilichonse chosiyana chimawonjezera mwayi wa kukana, makamaka ma slot onse anayi akadzaza. Ngati muli ndi tiwiri ta 2GB m'ma slot awiri, palibe malo owonjezerapo: kamodzi kapena tonse tituluke.

Kodi zingati zikwana? Pa intaneti, makalata ndi mavidiyo, 8GB imachotsa kutsamwa kumene kumabwera ndi 4GB. 16GB ndi ya amene amatsegula masamba ambirimbiri, amakonza zithunzi kapena amasewera. Kupitirira pamenepo pa kompyuta ya DDR3, purosesa ndi imene imayamba kutopa.

Pogula kathabwa kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pa DDR2 ndi DDR3 ndi totere timene timapezeka kwambiri, pemphani chithunzi cha sitika yeniyeni, osati cha kathabwa kena kofanana nako. Yerekezani ndi chithunzi chanu mzere ndi mzere. Yang'anani mano ngati sanapse kapena kukandika, ndi tizipangizo ting'onoting'ono ta m'mphepete ngati sitinathothoke. Mugwirizane zobweza kakakana. Ngati n'kotheka, kayesedwe mu kompyuta yanu, chifukwa kugwira mu ya wogulitsa kumangotsimikiza kuti kathabwako n'kamoyo.

Kuika

Ngati opanga ali ndi BIOS yatsopano ndipo mawu ake akutchula za RAM, iikeni RAM yakale ikadalimo, pa nthawi imene magetsi ndi odalirika, chifukwa akazima pakati pa ntchitoyi motherboard ikhoza kufa.

Zimitsani, chotsani chingwe ku khoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze kathabwa, ndipo muzikagwira m'mbali, osati pa mano kapena pa ma chip. Uzirani fumbi mu slot imene yakhala yopanda kanthu kwa zaka. Tsegulani tizogwirira ta kumapeto kwa slot (ma motherboard ena ali nako mbali imodzi yokha), lunjikitsani kampata, ndipo kankhani mbali zonse ziwiri molunjika pansi mpaka tizogwirira titseke tokha ndi kamkokomo. Pamafunika mphamvu zoposa zimene munthu woyamba kumene amayembekezera. Mano agolide akamaonekabe pamwamba pa slot, kathabwa sikanakhale.

Pa motherboard ya ma slot anayi yokhala ndi timatabwa tiwiri, kawirikawiri timalowa m'ma slot a utoto wofanana, modumpha imodzi. Ma motherboard ambiri a DDR4 amafuna A2 ndi B2, yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku purosesa, koma akale ena amayambira ku yoyamba. Buku la malangizo kapena zilembo za pa motherboard zikuuzani.

Kuyaka koyamba kumachedwako, ndipo makompyuta ena amaima n'kunena kuti kukula kwa RAM kwasintha, mudine F1. Palibe vuto pamenepo.

Ikakana

Sikirini ikakhala yakuda kapena kompyuta ikamalira, tulutsani kathabwa n'kukabwezeranso, chifukwa kusakhala bwino ndi chifukwa chofala kuposa china chilichonse. Zikakanikabe, siyani katsopano kokha mu slot imene munali kakale. Kakayaka pamenepo, vuto ndi slot inayo kapena kusagwirizana kwa timatabwa. Kakakana, bwezerani kakale kokha kuti mutsimikize kuti kompyuta ikadali bwino, kenako muwerengenso sitika yatsopanoyo: chilembo, ma rank, magetsi. Mano akuda mungawapukute ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Kuchotsa kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kwa mphindi zochepa kumabwezera BIOS pachiyambi, ndipo kumathandiza ngati wina anaikapo liwiro la RAM pamanja. Mudzafunika kukonzanso tsiku ndi nthawi.

Windows ikaonetsa RAM yonse koma n'kunena kuti yogwiritsidwa ntchito ndi yochepa, onani kaye ngati ndi 32-bit. Kenako dinani batani la Windows ndi R, mulembe msconfig, pa Boot, Advanced options, muchotse chizindikiro pa Maximum memory ngati chilipo. Pa ma motherboard akale, yatsani Memory Remap mu BIOS. Ma megabyte mazana angapo osowa ndi amene purosesa yatenga kuyendetsera zithunzi, ndipo zimenezo n'zachibadwa.

Kompyuta ikayaka musathamangire kutseka nkhani. RAM yodwala imatha kugwira masiku, kenako n'kuyamba kutseka mapulogalamu mwadzidzidzi, kubweretsa sikirini yabuluu kapena kuwononga mafayilo mwakachetechete. Windows ili ndi choyesera chake, chimene mumachitsegula polemba mdsched, koma Memtest86+ kapena MemTest86 yoyatsira pa flash imafufuza mozama. Isiyeni izungulire kangapo, ngakhale usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira: yesani kathabwa kamodzikamodzi, mu slot imodzi yomweyo, kuti mudziwe kodwala, ndipo mukabweze nthawi yobwezera isanathe.